Malo opanda kanthu pachithunzi: lipoti la wophunzira amene ankati alibe sitayilo

Za lipotili

Ndimaphunzitsa kujambula zithunzi ndi kupanga madizaini osindikiza. Mbali ina ya ntchito yanga ndi kuyang'anira ophunzira a chaka chomaliza pamene akusonkhanitsa portfolio, mulu wa ntchito zawo zimene adzaonetse kwa olemba ntchito ndi makasitomala. Lipotili ndi la wophunzira mmodzi amene ndinayenda naye miyezi 14. Wandilola kulemba nkhani yake, koma dzina lake ndi la sukulu ndazisiya. Ndalemba poganizira aphunzitsi anzanga, chifukwa dandaulo limene iye anabwera nalo timalimva chaka ndi chaka, ndipo nthawi zambiri timathamangira kuliyankha. Inenso ndinathamanga, moti pena ndinamusokoneza. Zimenezo sindinazibise.

Mmene anabwerera

Anali mtsikana wa zaka 21. Kujambula anayamba ndi foni ali ku sekondale, dizaini anadzaidziwira kuno. Kamera yake inali ya digito yakalekale, ya sensa (kachipangizo kolandira kuwala m'malo mwa filimu) yaing'ono yotchedwa APS-C, ndipo anali ndi malenzi awiri: ya 18-55mm imene imabwera ndi kamera, ndi ya 35mm f/1.8 imene anagula kwa munthu amene anaitopa nayo.

Tsiku loyamba anatsegula laputopu n'kundionetsa zithunzi 24 ndi madizaini 9. Ndisanafike ndi pakati pomwe, anati, "Aphunzitsi, musadzivutitse, vuto ndikulidziwa. Ndilibe sitayilo. Anzangawa mukangoona chithunzi mumadziwa kuti ichi n'cha uje. Zanga zili ngati ajambula anthu asanu."

Panalinso nkhawa yachiwiri, imene inatuluka titacheza kanthawi. Mlendo wina amene anabwera kudzayankhula ndi kalasi yawo anawauza kuti wojambula akhale wojambula, wa dizaini akhale wa dizaini, chifukwa msika sukumbuka munthu wa zonsezonse. Iye mawuwo anawatenga ngati akunena iyeyo. Ankafuna ndimusankhire chimodzi. "Paja mapanga awiri avumbwitsa," anatero, akuseka kuseka kosafika m'maso.

Sindinamusankhire. Ndinali ndisanaone chimene ndingasankhire.

Zimene zinali m'portfolio

Pa za anthu asanu zija sankanama. Zithunzi 6 zinali za nkhope zojambulidwa pafupi, kumbuyo kuli mbuu chifukwa chotsegula kabowo ka lenzi mpaka pamapeto, pa f/1.8, khungu lokankhidwira ku olenji, mithunzi yokankhidwira ku buluu wobiriwira. Zina zinali zakuda ndi zoyera, zothiridwa timadontho tonamizira filimu yakale. Panali za mawindo onyowa ndi mvula, munthu akuoneka mwachimbuuzi kuseri kwa galasi, ambulera yofiira pakona. Nditamufunsa ngati akumudziwa Saul Leiter, wojambula zithunzi wa ku America wodziwika ndi zithunzi zoterezi, anawerama. Leiter anapita ku New York mu 1946 n'cholinga chokakhala wopenta, ndipo zithunzi zake zamitundu za m'ma 1950 anthu ambiri anadzazidziwa mochedwa, kuyambira 2006. Mawindo akewo anali maso a wopenta amene ankaona mtundu kaye, munthu pambuyo. Wophunzira wanga anatenga windo ndi mvula, chifukwa chake n'kuchisiya komweko.

Kukopera sindikuona ngati tchimo kwa wophunzira. Tonse tinadzera momwemo. Chimene chinandidetsa nkhawa ndi liwiro limene ankasinthira. Mwezi uno preset iyi, mwezi wamawa ina, malinga ndi zimene zikuyenda pa Instagram: ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Preset ndi kasakanizidwe ka kuwala ndi mitundu kamene munthu wina anakonza kale, iwe n'kungodina kamodzi mu Lightroom, pulogalamu yokonzera zithunzi, chithunzi n'kusanduka. Ndinamufotokozera kuti mkati mwa preset iliyonse muli diso la mwini wake, ndi khungu limene iye ankayesera. Nkhaniyi ndi yakale. Kuyambira m'ma 1950, malo otsukira zithunzi ankalinganiza mitundu poyang'ana makadi a Kodak otchedwa Shirley, okhala ndi mzimayi wa khungu loyera, ndipo makadi a anthu a makungu osiyanasiyana anadzabwera m'ma 1990. Pa zithunzi zake ziwiri, preset inasandutsa nkhope ya munthu wakuda kukhala ngati njerwa yootcha. Iye sanazione, chifukwa ankayang'ana ngati chithunzicho chafanana ndi zimene anaona pa intaneti.

Madizaini anali aukhondo koma opanda mwini. Onse 9 anali mu Helvetica, mtundu wa zilembo umene Max Miedinger anajambula mu 1957 ku kampani ya Haas ku Switzerland. Ndi zilembo zabwino, ndipo n'chifukwa chake wophunzira wamantha amabisalamo: palibe angakudzudzule. Zithunzi za m'madizainiwo zinali zotola pa intaneti. Mtsikana wokhala ndi kamera m'chikwama, ndipo m'madizaini 9 munalibe chithunzi chake ndi chimodzi chomwe! Nditafunsa, anati zithunzi zake ndi za kalasi ina.

Pa luso la kamera panalibe chodandaulitsa kwenikweni. Kuwala ankakuyeza bwino, fokasi inkagwera pamalo pake.

Zotayidwa

Pa kukumana kwachiwiri ndinamuuza abwere ndi hard drive yake yonse, osasankha. Anakana kaye. "Muli zinyalala zokhazokha, Aphunzitsi." Ndinati zinyalalazo ndi zimene ndikufuna.

Munali zithunzi zoposa 3,000 za zaka ziwiri. Tinachotsa za ntchito ya m'kalasi ndi zimene anaika pa intaneti, n'kutsala ndi zimene anajambula popanda womutuma ndipo sanaonetse munthu. Izi tinazipulinta ting'onoting'ono, 35 pa pepala limodzi la A4, monga ankachitira ojambula a nthawi ya filimu akafuna kuona mpukutu wonse pa pepala limodzi. Ndimalimbikira kupulinta chifukwa pa sikirini munthu amaona chithunzi chimodzichimodzi, pomwe chizolowezi chimaoneka zithunzi zikagona pamodzi patebulo. Tinadula ndi sizasi, ndipo ndinamuuza aunjike zofanana popanda kuganiza ngati n'zabwino kapena ayi.

Patatha ola limodzi mulu umodzi unali utaposa ina yonse. Munali makoma. Khoma lalikulu lopanda kanthu lotenga mwina magawo awiri mwa atatu a chithunzi, ndiyeno m'mphepete, pansi kapena pakona, kanthu kakang'ono: munthu akutuluka m'chithunzi, mpando, mwendo wa njinga, mthunzi wa mtengo. Pa zambiri panali zilembo: nambala ya nyumba, chikwangwani chofufutika, theka la mawu opentedwa ndi dzanja, muvi wolozera kumene kulibe khomo. Mizere yake inali yowongoka ngati wayeza ndi lula. Ankaima molunjika khoma, osapendeketsa kamera.

Kenako tinayang'ana zimene kamera imalemba mkati mwa fayilo iliyonse, zotchedwa EXIF. Lightroom imatha kusanja zithunzi potengera lenzi ndi katsegulidwe kake. Za muluwu pafupifupi zonse zinali za lenzi ya 35mm, kabowo kake katachepetsedwa kufika pa f/8 kapena pafupi pamenepo, chilichonse chikuoneka bwino kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Pa sensa ya kamera yake 35mm imaona ngati 52mm ya kamera ya filimu, pafupi ndi 50mm imene Henri Cartier-Bresson, wojambula zithunzi wotchuka wa ku France, anagwiritsa ntchito pafupifupi moyo wake wonse. Lenzi yomweyo ndi imene ankaitsegula mpaka f/1.8 akafuna kusangalatsa anthu a pa intaneti. Akakhala yekha ankaitseka.

Ndinamufunsa chifukwa chimene anatayira zimenezi. Anati n'zosatha, zili ngati zikudikira chinachake. Ndinatenga kachithunzi kamodzi, n'kuika pakhoma lopanda kanthulo kapepala kolembapo mawu awiri. Anakhala chete kwa kanthawi, kenako anati, "Ndiye kuti ndimajambula mapositala osalemba."

Apa ndi pamene nkhani yonse inatembenukira, ndipo anaitembenuza ndi iyeyo. Mtsikanayu sanali ndi mapanga awiri. Diso lake linali limodzi: akagwira kamera ankayala zinthu ngati akuyala tsamba, n'kusiya malo a mawu. Chimene ankachitcha kulephera chinali chizolowezi chokhacho chimene sanabwereke kwa munthu.

Ndinamuuza za László Moholy-Nagy, wa ku Hungary, amene anayamba kuphunzitsa pa sukulu ya zaluso ya Bauhaus ku Germany mu 1923, ndipo mu 1925 anapeka dzina lakuti typophoto, kutanthauza chithunzi ndi zilembo zogwira ntchito limodzi ngati chinthu chimodzi. Ndinatero kuti adziwe kuti njira imene waima ili ndi anthu amene anadutsamo, ndiponso kuti malangizo a mlendo uja si lamulo. Ndinamuchenjeza kuti asapite kukakopera Bauhaus. Sabata yotsatira anabwera ndi madizaini atatu a zozungulira zofiira ndi mizere yopendekeka. Tinaseka tonse, n'kuwasunga mu foda ya zolakwa.

Zimene tinagwirizana

Kwa masabata 8 tinaika malire. Lenzi imodzi, ya 35mm, inayo itsale kunyumba. Preset ayi. Kuika pa intaneti ayi. Mitundu ya zilembo iwiri yokha, ndipo Helvetica isakhalepo. Lachisanu lililonse abwere ndi zithunzi 6 zopulinta, ndi tsamba limodzi limene waphatikiza chithunzi chake ndi mawu.

Lamulo la intaneti ndi limene linamuwawa. Pa sabata yachitatu anavomera kuti waika zithunzi ziwiri, ndipo zinapeza ma like ochepa kuposa nkhope za olenji zija. Anabwera atafooka. Sindinamunamize kuti manambalawo alibe tanthauzo. Ali nalo: amakuuza chimene chimaimitsa chala cha munthu pa sikirini ya foni kwa sekondi imodzi. Chithunzi cha khoma lalikulu ndi kamunthu pakona chimafa chikachepetsedwa kufika pa kukula kwa chikhatho, ndipo Instagram imadula zithunzi zoimirira kuti zikwane muyeso wake, n'kudya malo amene chithunzicho chimadalira. Ntchito yake inkafuna pepala. N'chifukwa chake tinasintha cholinga cha teremu kukhala kabuku.

Pa zilembo anavutika masabata awiri, kenako anachita chinthu chimene sindinamuuze. Anayamba kutsata pa kompyuta zilembo zopentedwa ndi dzanja zimene zinali m'zithunzi zake, n'kuzigwiritsa ntchito pa mitu, mawu ang'onoang'ono n'kuwaika mu font (mtundu wa zilembo) imodzi yosadzionetsera. Zilembozo zinali zosalingana, zina zonenepa, zina zopendama, ndipo zikakhala pa tsamba loyalidwa mowongoka zinkapatsa tsambalo mpweya. Ndinamufunsa funso limodzi lokha: opentawo akuwadziwa? Sankawadziwa. Tinagwirizana kuti m'kabukumo alembe poyera kumene zilembozo zachokera, ndipo asadzazigulitse ngati font yake.

Kabuku ndi zimene pepala linamuphunzitsa

Kabukuko kanali ka A5, mamilimita 148 m'lifupi ndi 210 m'litali, masamba 24, komangidwa ndi mawaya awiri pakati. Mamangidwe amenewa amafuna kuti masamba akhale ogawika ndi 4, chifukwa pepala lililonse lopindidwa limabala masamba anayi. Iye anali ndi masamba 26, ndipo kuchotsa awiri kunamutengera masiku atatu. Ndinamusiya avutike. Kusankha chotaya kumaphunzitsa munthu chimene akufuna kuposa kusankha chosunga.

Zoyesera zoyamba zitabwera kuchokera kosindikizira, anandiimbira foni mawu akunjenjemera. Khoma la buluu limene linali pachikuto linatuluka lotuwa ngati lachapidwa kambirimbiri. Mithunzi inagwirana n'kukhala chikuda chimodzi. Pa makoma awiri panaoneka mizeremizere ngati masitepe pomwe pa sikirini panali posalala. Ndipo m'mbali mwa masamba ena munatsala kamzere koyera.

Iye ankati osindikiza amuwonongera. Zoona zake, zolakwa zonse zinayi zinali zathu, ndipo ine ndinayenera kuona mafayilo asanapite. Sikirini imapanga mitundu ndi kuwala, RGB, pomwe makina amapanga ndi inki zinayi, CMYK, ndipo buluu wowala kwambiri inki sizimufikira. Pepala limene anasankha linali losapaka, lomwa inki, choncho timadontho timafufuma n'kutseka mithunzi. Kamzere koyera kanabwera chifukwa sanasiye bleed, mamilimita 3 owonjezera mbali zonse kuti mpeni ukadutsa pambali pang'ono pasaoneke pepala. Tsamba la A5 linayenera kupita ngati 154 ndi 216. Za masitepe zija ndi zimene zinandisangalatsa. Zithunzi ziwirizo anazijambula mu JPEG, mtundu wa fayilo umene umasunga masitepe 256 okha a kuwala pa mtundu uliwonse, pomwe fayilo ya RAW ya ma bit 14, yosunga zonse zimene sensa yaona, imasunga 16,384. Pa chithunzi chodzaza zinthu kusiyanaku sikuoneka msanga. Pa khoma losalala, limene wakoka kuwala kwake pokonza, kumaonekera poyera.

Zonsezi tinaphunzitsa m'chaka choyamba, ndipo mayeso anakhoza. Koma anazimva tsiku limeneli, chifukwa tsopano zinkakhudza chinthu chake. Kuyambira pamenepo sanajambulenso mu JPEG, ndipo anayamba kuyang'ana pa sikirini mmene mtundu udzaonekere pa pepala asanatumize. Chinanso: m'malo molimbana ndi buluu, anayamba kukonda mitundu imene inki imaigwira bwino, yachikasu chakupsa, yofiira ngati dothi, yotuwa. Anthu tsopano amati imeneyi ndi mitundu yake. Inabadwa pa tsoka la chikuto chija.

Pamene ndinalakwitsa

Kabuku katatuluka, kalasi inaonetsa ntchito zake, ndipo ine pomuyamikira pamaso pa anzake ndinati, "Uyu ndi wojambula malo opanda kanthu." Anthu anawomba m'manja. Dzinalo linamumatirira, anzake anayamba kumutcha uja wa makoma.

Miyezi itatu yotsatira inali yoipa kuposa ina yonse. Lachisanu lililonse ankabwera ndi makoma. Khoma lachikasu, munthu pakona yakumanzere. Khoma lofiira, munthu pakona yakumanja. Zinali zoyalidwa bwino kuposa zakale, koma zakufa. Kale ankaima chifukwa chinthu chamugwira mtima, tsopano ankayenda kusaka khoma loyenera dzina lake, n'kudikira aliyense adutse. Anasiya preset za anthu ena n'kudzipangira ya iye mwini, ndipo amene anamupatsa ndine. Zinanditengera nthawi kuzindikira, chifukwa ntchitoyo inkafanana ndi zimene ndinayamikira, ndipo mphunzitsi amakonda kuona mawu ake akukwaniritsidwa.

Mnzanga wophunzitsa kalasi ina ndi amene ananditsegula maso. Anayang'ana zithunzizo n'kufunsa kuti, kodi mwanayu akujambulabe kapena akulemba siginecha? Sabata imeneyo ndinamuitana n'kumuuza kuti dzina lija ndinalankhula mopupuluma, alitaye. Anakwiya, ndipo anali ndi chifukwa. "Munandiuza kuti ndapeza, Aphunzitsi. Lero mukuti nditaye?" Ndinayankha kuti chimene tinapeza patebulo paja si khoma. Ndi kayalidwe ka zinthu, kuleza mtima koima molunjika, ndi kukonda zilembo. Khoma linali malo amene zimenezi zinayamba kuonekera. Sanakhutire tsiku limenelo, ndipo masabata awiri sanabwere.

Kuyambira pa iyeyu ndinasiya kutchula sitayilo ya wophunzira pagulu. Ndimaloza chithunzi n'kunena chimene chikugwira ntchito mmenemo, basi.

Kasitomala woyamba

Anabwerera chifukwa cha ntchito. Gulu lina loimba linamupempha positala ya A3 yolengeza chionetsero chawo. Anajambula woimba ataima pansi pakona, pamwamba pake khoma lonse, dzina la gulu m'zilembo zake zotsata zija. Inali yokongola. Mtsogoleri wa gululo anaiyang'ana n'kufunsa kuti, "Nanga malo onsewa mwawasiyiranji? Pepalali tikulipira lonse." Ankafuna nkhope za onse asanu, tsiku ndi malo m'zilembo zazikulu, ndi zizindikiro za owathandiza.

Anabwera kwa ine akuyembekeza kuti ndikhala mbali yake. Ndinapachika positalayo kumapeto kwa khonde n'kumuuza awerenge tsiku la chionetsero ataima mamita asanu. Sanathe. Apa ndi pamene maluso ake awiri amasiyana, ngakhale diso lili limodzi. Chithunzi cha m'kabuku kake chingathe kukhala chete mmene chifunira. Positala ili ndi ntchito: munthu wodutsa adziwe ndani, liti, kuti. Kasitomala analakwitsa pofuna kudzaza paliponse, koma pa tsiku ndi malo ananena zoona.

Anakonzanso. Tsiku analikulitsa mpaka linatenga theka la khoma, manambala ake n'kukhala ngati apentedwa pakhomapo. Oimba asanu anawaika mu mzere umodzi pansi, zizindikiro n'kuzisonkhanitsa m'kamzere kamodzi. Malo opanda kanthu anachepa, koma amene anatsala anali ndi ntchito. Kwa ine iyi ndi ntchito yake yoyamba imene ndingaizindikire popanda dzina, ndipo inatuluka pokanganirana ndi munthu amene sankasamala za sitayilo yake n'komwe.

Nkhope

Pali funso limene ndinalizengereza nthawi yaitali. M'zithunzi zake zonse za iye yekha, anthu anali ang'onoang'ono, otembenuka, kapena odulidwa ndi m'mphepete. Tsiku lina ndinayala 20 patebulo n'kumufunsa kuti mwa anthu amenewa ndi angati analankhula nawo. Palibe. "Ndimachita manyazi, Aphunzitsi. Ndikaima patali palibe amandifunsa."

Izi ndi zimene aphunzitsi tiyenera kusamala nazo. Chizolowezi chobwerezabwereza chingachokere pa chimene munthu amakonda, chingachokerenso pa chimene amaopa, ndipo pa pepala ziwirizi zimaoneka chimodzimodzi. Sindikuti chochokera pa mantha n'chabodza; ojambula ambiri abwino anamanga ntchito yawo pa manyazi awo. Koma wophunzira ayenera kudziwa ngati waima patali mwa kufuna kapena chifukwa sangathe kuyandikira. Palinso mbali ya ulemu: kujambula anthu osawapempha n'kuwasandutsa kadontho kokongoletsa tsamba ndi chinthu chimene munthu ayenera kuchiganizira, ngakhale pamene lamulo likuloleza.

Ndinamuonetsa ntchito ya Seydou Keïta, wojambula zithunzi wa ku Mali, amene anatsegula situdiyo yake ku Bamako mu 1948. Kwa Keïta munthu amadzaza chithunzi, nsalu ya kumbuyo ili ndi maluwa ake, zovala zili ndi ake, ndipo wojambulidwayo akudziwa, wavomera, wadzikonza. Ndinasankha iyeyo dala chifukwa ali kutali kwambiri ndi kajambulidwe ka wophunzira wangayu, moti sakanatha kumukopera. Ntchito inali yakuti ajambule anthu 10 osawadziwa, aliyense atamupempha, atamuuza kumene chithunzicho chipite, ndipo asaime kupitirira mamita awiri.

Anatha 7 m'masabata asanu. Zinayi zinali wamba, zoti aliyense wa m'kalasi akanajambula. Ziwiri anabwerera ku f/1.8 ndi kumbuyo kwa mbuu, ngati munthu wothawira kwawo. Chimodzi chinali china. Bambo wokonza nsapato atakhala pakati penipeni, akuyang'ana kamera, kumbuyo kwake chikwangwani chake cholemba yekha, mizere yonse yowongoka, chilichonse chikuoneka bwino pa f/8. Malo opanda kanthu munalibe. Koma aliyense amene anaona kabuku kaja akanadziwa wojambula. Anandiuza kuti anacheza nawo bambowo pafupifupi ola lathunthu, ndipo ndi iwo anamuuza kuti zilembo za pachikwangwanicho anapenta ndi burashi yotsukira mano. Anawabwezera chithunzi chopulinta sabata yotsatira. Aka kanali koyamba kudziwa mwini wa zilembo zimene ankazikonda.

Mmene zilili polemba lipotili

Portfolio yake tsopano ndi imodzi, yosagawa zithunzi kwina madizaini kwina: masamba 18, ndipo dizaini iliyonse ili ndi chithunzi chojambula yekha. Pa zithunzi 24 za tsiku loyamba zatsalamo ziwiri. Wabwerera pa Instagram, koma amaikapo masamba athunthu ojambulidwa ali pa pepala. Helvetica wayambanso kuigwiritsa ntchito pena ndi pena, ndipo tsopano amatha kunena chifukwa chake.

Zofooka zilipo. Mawu aatali, monga ndime za m'magazini, amawayala mosasamala, mizere yotalika kwambiri ndi mipata yothina. Zimenezi tikugwirirabe ntchito. Kujambula ndi magetsi a mu situdiyo amakuzemba. Kupempha munthu kuti amujambule kumamutengerabe mphamvu zambiri, ndipo atatu otsala pa 10 aja sanawajambule mpaka lero. Akapanikizika ndi nthawi amabwerera ku khoma ndi kamunthu pakona, koma masiku ano amadzigwira yekha ndisananene.

Pa kukumana kwathu komaliza anabwera ndi chithunzi cha pamalo okwerera basi: anthu ambirimbiri, zikwangwani zosanjikizana, palibe mzere umodzi wowongoka, ndipo wachijambula ndi lenzi ya 18-55mm imene tinaisiya kunyumba ija. Anandifunsa ngati chikuyenera kulowa m'portfolio, popeza sichifanana ndi zinazo. Ndinamufunsa kuti iye akuona bwanji. Anachiyika pambali pa cha bambo wa nsapato, n'kuchichotsa, n'kuchibwezeranso. Fayilo imene anatumiza kosindikizira Lolemba lotsatira ili nacho pa tsamba 11.